Pikapu: kutsogolo kwakula, kumbuyo kwafupika

Pikapu inayamba ndi alimi. Ku America ankadula kumbuyo kwa galimoto zawo n'kukhomerapo bokosi la matabwa loti azinyamulira zokolola. Kampani ya Ford itaona zimenezi, mu 1925 inatulutsa Model T yokhala kale ndi bodi yachitsulo, pa mtengo wa madola 281. Ku Australia nako, mayi wina wa pafamu analembera Ford kalata yopempha galimoto yoti banja lizipitira kutchalitchi Lamlungu, Lolemba n'kutengera nkhumba kumsika. Wojambula magalimoto wa kampaniyo, Lew Bandt, anaijambula, ndipo inatuluka mu 1934. Kuyambira pamenepo, opanga pikapu akhala akukokedwa mbali ziwiri: ya okwera ndi ya katundu.

Ife amene tinaphunzira umakanika m'zaka za m'ma 1980 tinapeza mbali ya katundu ikadali ndi mphamvu. Manja athu anakulira pa Peugeot 404, Datsun 1200 ndi Toyota Hilux, imene inayamba kupangidwa ku Japan mu 1968. Kutsogolo kunali mpando umodzi wautali, anthu atatu mopanikizana. Giya ya 404 inali pachiwongolero. Magalasi umatsitsa popukusa ndi dzanja, ndipo kukhota utasenza matumba a chimanga kunkafuna mapewa olimba. Wailesi ambiri ankachita kugula paokha.

Koma ukatsegula boneti, zonse zinali poyera, mpaka nthaka umaiona m'mbali mwa injini. Galimoto ikayamba kutsamwa, umamasula kabuleta, kutsuka ndi petulo m'chitini, kuuzira timabowo take ndi pakamwa, n'kubwezera. Sipanala zingapo, pulayala ndi waya zinali zokwanira, ngakhale pakati pa msewu wafumbi. N'chifukwa chake galimoto zimenezi zinakhalitsa mu Africa muno. Pikapu ya 404 inapitiriza kulumikizidwa ku Kenya mpaka 1991, ndipo Nissan 1400 inapangidwa ku Rosslyn, ku South Africa, mpaka 2008.

Hilux yokoka mawilo onse anayi inabwera mu 1979. Ukafika pamatope umatsika, kuponda m'thope momwemo, n'kukapotokola mahabu a mawilo akutsogolo ndi dzanja. Lero dalaivala amangotembenuza kabatani, nsapato zili zoyera.

Kenako mbali ya okwera inayamba kupambana. Zitseko zinakhala zinayi, mipando mizere iwiri, bodi n'kufupika kuti anthu apeze malo. Zimene kale zinali za mabwana, monga chiwongolero chofewa, makina oziziritsa mpweya ndi magalasi amagetsi, tsopano zimabwera ndi galimoto. Zina zinalowa chifukwa cha malamulo: malamba, ma airbag, komanso kamera yoonera kumbuyo, imene ku America n'njokakamiza pa galimoto zatsopano kuyambira mu May 2018. Mabuleki a ABS amathandiza kuti matayala asatsetsereke pamvula. Izi sindingazinyoze, pakuti magalimoto akale akachita ngozi, dalaivala ankamenya chifuwa pachiwongolero popanda chomutchinga.

Chimene tataya ndi ufulu wokonza tokha. Injini ya dizilo ya masiku ano imayendetsedwa ndi kompyuta. Kagetsi kakayaka padashibodi, khutu la makanika silikwanira, pamafunika makina owerengera vuto, ndipo mafuta akuda pang'ono amawononga ma injekita okwera mtengo. Mlimi wa kutali ndi tauni amadikira galimoto ina yodzamukoka.

Palinso anthu amene kusintha konseku sikunawafike. Tsiku la msika, taonani pikapu ya matola: amayi ndi madengu a tomato, anyamata atakhala m'mphepete mwa bodi miyendo ili panja, njinga zitamangidwa kumbuyo. Kumeneko kulibe lamba, kulibe airbag, ndipo mabuleki akamangidwa mwadzidzidzi aliyense amagwira mnzake. Bodi anaipangira matumba, koma m'madera amene basi safika, ndiyo imanyamula odwala, ophunzira ndi opita kumaliro. Malinga ngati misewu ya kumidzi ili momwe ililimu, madalaivala a matola chepetsani liwiro, ndipo musamaonjezere munthu pamene bodi yadzaza kale.