Ukonde wa pabala

Pa chilumba cha Mbenji, kwa Makanjira ku Salima, maso a ukonde akachepa kwambiri ndi mlandu, chifukwa amakokolola ndi tiana ta utaka tomwe. Akatswiri opanga nsalu zatsopano zomangira mabala amafuna maso ochepetsetsa omwewo, oti mpweya uzidutsa koma mabakiteriya azitsalira kunja.

Ulusi wolukira nsalu zimenezi umatchedwa nanofaiba. Nanomita ndi gawo limodzi mwa magawo 1 biliyoni a mita. Tsitsi limodzi la munthu limanenepa mananomita pafupifupi 80,000, pomwe ulusiwu nthawi zambiri sufika ndi 1,000 pomwe.

Polima ndiye chopangira ulusiwo: tizidutswa tofanana tolumikizana mumzere wautali. Nayiloni wa ukonde wa chilimira ndi polima wa m'fakitale. Achilengedwe ali ponseponse. Muthonje la ku Chitala muli selulozi. Muchigoba cha nkhanu muli chitin, momwe amatengamo chitosan woletsa magazi kutuluka pabala. M'khungu la nsomba, ngakhalenso m'mamba amene amathothokera pamchenga mayi akamapala chambo, muli kolajeni, puloteni yemwenso wachuluka m'khungu la munthu.

Kapotedwe kake ndi electrospinning, njira imene Anton Formhals analembetsa mu 1934. Polima amamusungunula n'kumuthira musirinji, singano yake n'kuilumikiza ku magetsi a mavolti 10,000 kapena kuposa (a m'nyumba ndi 230 basi). Kadontho ka kunsonga kamasongoka, kenaka kamafwamphuka ngati kamtsinje kosaoneka ndi maso, kamauma kali m'malere, n'kukaunjikana pachitsulo ngati kansalu koyera. Kansaluko kakaikidwa pabala kamatchedwa scaffold, pakuti maselo a khungu latsopano amayanga pamenepo, iko n'kumasungunuka pang'onopang'ono.

Kolajeni ndi wa makani. Mankhwala omusungunulira amatha kumuwononga n'kumusandutsa jelatini, zonanda zija zimagwirana pa msuzi wa nsomba ukagona. Ulusi wotero ukangokhudza madzi a pabala umasungunuka msanga, choncho amayenera kuumanga kaye ndi mankhwala ena. Ntchito imeneyi ndi crosslinking, ndipo mankhwala ake ena, monga glutaraldehyde, akatsalira munsalu amapha maselo omwe amafuna kuwathandizawo.

Madokotala a ku Fortaleza, m'dziko la Brazil, anadutsa yachidule. Amatsuka khungu lathunthu la tilapia, m'bale wake wa chambo, n'kuphimbira mabala a moto. Kumeneko makungu ankangotayidwa ndi mafakitale osenda nsomba. Ku Mbenji si choncho: utaka umayanikidwa wathunthu pathandala, ndipo khungu lake limathera m'mbale ya ndiwo. Wofuna kolajeni wochuluka m'Malawi muno ayambe wafunsa kumene kumasendedwa nsomba zikuluzikulu, osati ku Mbenji.