Mphini za Gogodela

M'midzi ina ya ku Nkhotakota, Mangochi ndi Karonga mukadali nyumba zimene kudenga kwake kwasomekedwa mfuti yakale, yakuda ndi mwaye, imene adzukulu amangoidziwa kuti inali ya agogo. Mfuti yotere akuluakulu ankaitcha gogodela, ndipo dzinalo likumveka ntchito yake: mlenje ankathira onga kukamwa kwa mpope, n'kuponyamo chipolopolo kapena timiyala ta mtovu, kenaka n'kugogoda ndi ndodo yachitsulo kufikira zonse zitakhazikika pansi. Masiku ano eni ake ambiri amafuna kudziwa kumene inachokera ndi mtengo umene ingagulidwe. Yankho lake linadindidwa pa chitsulo pomwepo, monga mmene kale mphini za pankhope zinkaululira mtundu wa munthu asanatsegule n'komwe pakamwa.

Mfutizi zinachuluka m'dziko muno m'zaka za m'ma 1800. Nkhondo za Napoleon zitatha mu 1815, maboma a ku Ulaya anatsala ndi mfuti zambiri zopanda ntchito, ndipo amalonda anazigula motchipa n'kuzitumiza ku Africa. Amisiri a ku Birmingham ku England ndi a ku Liège ku Belgium nawonso ankasula zina zatsopano, zolinga msika womwewo. Zambiri zinkatsikira ku Zanzibar, Kilwa ndi Quelimane, kumene Aswahili, Ayao ndi Achikunda ankazinyamula kulowa nazo kumtunda pamodzi ndi nsalu ndi mikanda. Malipiro ake anali minyanga ya njovu ndi anthu. Jumbe Salim bin Abdallah, amene anakhazikika ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1840, analimbitsa ulamuliro wake ndi mfuti zotere. Chimodzimodzinso Mlozi wa ku Karonga, amene malinga ake anagwetsedwa mu Disembala 1895. Pangano la ku Brussels la mu 1890 linaletsa kugulitsa mfuti zamakono kwa anthu a mbali ino ya Africa, koma linalola mfuti zakale zoyaka ndi mwala, n'chifukwa chake gogodela anakhalitsa m'manja mwa alenje pamene ku Ulaya anali ataiwalika.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Wofuna kuwerenga mphini za gogodela ayambe ndi kachipangizo koyatsira onga, kamene kali m'mbali mwa mfuti. Zakale kwambiri zili ndi kachitsulo kopana mwala, umene umakhula chitsulo china n'kutulutsa moto. Mu 1807 mbusa wina wa ku Scotland, Alexander Forsyth, anatulukira njira yoyatsira onga ndi mankhwala ophulika akamenyedwa, ndipo kuchokera pamenepo kunabadwa kachipewa kamkuwa kotchedwa fataki. Asilikali a ku Britain anayamba kugwiritsa ntchito fataki cha m'ma 1840. Mfuti zambiri za mwala zinasinthidwa kukhala za fataki, ndipo zimenezi zimadziwika ndi timabowo totsekedwa pa chitsulo cha m'mbalicho. Choncho mfuti ya fataki ingathe kukhala ndi mpope wamkulu msinkhu kuposa choyatsira chake.

Pa chitsulo chomwecho kawirikawiri pamapezeka liwu lakuti TOWER, dzina la linga la ku London limene linkasunga zida za boma. Mfuti imene inalidi ya boma la Britain imakhala ndi chisoti chachifumu, pansi pake zilembo GR za mafumu otchedwa George kapena VR za Mfumukazi Victoria, amene analamulira kuyambira 1837 kufikira 1901, ndiponso kachizindikiro konga mutu wa muvi. Koma chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Amalonda atazindikira kuti ogula a ku Africa ankakhulupirira liwulo, anayamba kulidinda pa mfuti wamba zimene sizinakhalepo m'manja mwa msilikali. Chisoti chopanda zilembo za mfumu pansi pake chimaonetsa kuti mfutiyo inali yamalonda. Liwu lakuti TOWER palokha silikwanira kukhala umboni.

Mboni yodalirika ili pa mpope, kufupi ndi kumene onga umayakira. M'mizinda yosula mfuti munali nyumba zoyesera mipope: ankathiramo onga wopitirira muyeso n'kuwomba, ndipo mpope umene sunang'ambike ankaudinda. Nyumba yoyesera ya ku Birmingham inakhazikitsidwa mu 1813, ndipo kuyambira chaka chimenecho kufikira 1904 chidindo chake chinali ndodo ziwiri zachifumu zopingasana, chisoti pamwamba, china chokhala ndi zilembo B, C ndi P, china chokhala ndi V. Cha ku London chinali chisoti pamwamba pa GP, ndi chinzake chisoti pamwamba pa V. Cha ku Liège chinali zilembo ELG ndi kanyenyezi mkati mwa mzere wozungulira ngati dzira; kuyambira 1893 pamwamba pa dziralo anawonjezerapo chisoti. Motero mfuti yolembedwa TOWER m'mbali koma ELG pa mpope ndi ya ku Belgium yovala malaya a Chingerezi. Pambali pa zidindozi nthawi zambiri pamakhala nambala yonena kukula kwa kamwa la mpope. Nambala 12 imatanthauza kuti mipira 12 ya mtovu yokwana bwino m'kamwamo imalemera paundi imodzi. Nambala ikamachepa, ndiye kuti kamwa likukula.

Palinso mfuti za mipope iwiri zowombera nkhanga ndi nkhwali, zimene zinabwera ndi azungu osaka nyama ndi amalonda. Pa zimenezi dzina la mmisiri limalembedwa pa kachitsulo kolumikiza mipopeyo, pamene zidindo zimabisala kunsi, moti zimaoneka pokhapokha mipope itachotsedwa pa mtengo wake. Mayina monga Joseph Manton, Westley Richards ndi James Purdey ndi amene amakweza mtengo kwa osonkhanitsa zinthu zakale. Nawonso anaberedwa: mfuti zotchipa zambiri za ku Liège zinalembedwa "W. Richards" kapena "Manton" pofuna kunyenga ogula. Apanso woweruza mlandu ndi chidindo cha pa mpope.

Za mtengo, choonadi n'chakuti gogodela wamalonda anasulidwa wambirimbiri, ndipo ndalama zake sizingamange nyumba. Chimene ogula amayang'ana ndi kugwirizana kwa zidindo, dzina lenileni la mmisiri, ndi kukhalapo kwa ziwalo zonse zoyambirira. Mwini mfuti amene amaikwecha ndi mchenga kuti iwale amafafaniza mphini zija, ndipo mtengo umapita ndi dzimbiri lomwelo. Mafuta pang'ono ndi kansalu kofewa n'zokwanira. Misomali yamkuwa yokhomedwa pa mtengo wa mfuti, chikopa chokulunga pamene panathyoka, ngakhale chithumwa chomangidwa pamenepo, zisachotsedwe, pakuti zimenezo ndi mphini za kuno, zodindidwa ndi alenje ndi osula zitsulo a m'midzi.

Safunsa anadya phula. Gogodela ambiri anasomekedwa kudenga ali ndi onga m'mimba, ndipo onga wouma umayakabe patapita zaka zambirimbiri. Ndodo ikalowetsedwa mu mpope n'kuima isanafike kumapeto, ndiye kuti muli kanthu, ndipo mfutiyo isayandikire moto. Onga wa m'zipolopolo zamakono ndi wamphamvu kwambiri, ungang'ambe mpope wakale m'manja mwa wowomba. Malamulo a dziko la Malawi salolanso kusunga mfuti popanda chilolezo, choncho banja lifunse kwa apolisi, ndipo likafuna malo abwino oisungira, nyumba zosungira zinthu zakale monga ya ku Chichiri ku Blantyre zilipo.

Zidindo zimanena mzinda umene mfuti inasulidwa ndi zaka zake, koma sizitchula amene anaisenza kuchokera kugombe, kapena chimene anaperekapo poigula, kaya unali mnyanga kapena mwana wa munthu. Zimenezo amadziwa ndi nkhalamba za pamudzi. Banja lanzeru likhale nazo pansi zikadali ndi mpweya, lilembe dzina la mwini woyamba, mudzi wake ndi nyama zimene anapha, kenaka pepalalo lisungidwe pamodzi ndi mfutiyo. Mawu a akulu akoma akagonera.