Hauyani

Hauyani ndi kaimbidwe ka gitala komwe woimba amagoneka gitala pamiyendo n'kumatsetsereza botolo kapena kachitsulo pa nsambo, m'malo mozikanikiza ndi zala. Mawu ake amatuluka onyinyirika ngati munthu akulira. Dzinali linachokera ku Hawaii, kumene Joseph Kekuku anatchukitsa lusoli chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800.

Kaimbidweka kanafika ku Nyasaland kudzera m'mbale za galamafoni ndiponso anthu obwerako ku Joni ndi ku Salisbury. Anyamata ankaphunzira ndi khutu. Ankabwereza mbale ya katswiri amene ankamukonda, monga Jimmie Rodgers, yemwe nyimbo zake zina zinali ndi gitala yotere, mpaka dzanja litazolowera. Kenako ankamanga nsambo mwanjira yawo n'kuikamo kugunda kwa magule akumudzi.

Ndiche Mwarare ndi mmodzi mwa akatswiri a hauyani amene Amalawi amawakumbukira. Lero botololi likumvekabe pa babatoni wa nsambo imodzi wa Gasper Nali wa ku Nkhata Bay, kummawa kwa Mzuzu.