Madzi Akadutsa pa Mita

Boma litaganiza mu 1965 zosamutsa likulu kuchoka ku Zomba, Lilongwe watsopano anayamba kumangidwa papepala. Akatswiri a ku Johannesburg anajambula mapu, ndipo bungwe la Capital City Development Corporation, lomwe linakhazikitsidwa mu 1968, ndilo linkagawa malo ndi kuyang'anira zomanga. Pofika 1975, pamene Lilongwe anakhala likulu, madera anali atadziwika kale ndi manambala. Area 9, moyandikana ndi Old Town, ndi limodzi mwa madera a mapuloti aakulu.

Madzi a mumzindawu amachokera mumtsinje wa Lilongwe, umene unatchingidwa ku Malingunde ndi damu loyamba la Kamuzu mu 1966 komanso lachiwiri mu 1989. Koma udindo wa Lilongwe Water Board umathera pa mita. Madzi akangodutsa pamenepo, nkhani yonse ili m'manja mwa mwini nyumba ndi pulambala wake. Komanso nyumba zambiri za m'madera a mapuloti aakulu sizinalumikizidwe ku suweji. Zoipa zimathera m'sepitiki thanki kuseri kwa nyumba, ndipo thankilo likayikidwa molakwika, woyamba kudziwa ndi mnansi wa kumunsi, makamaka nthawi ya dzinja.

Malamulo alipo ndithu. Munthu asanamange ayenera kupereka pulani ku khonsolo ya mzinda, yosonyezanso kumene madzi oipa adzapite. Lamulo la 1996 linakhazikitsa National Construction Industry Council kuti makontilakitala azilembetsa, ndipo la 1999 linabala TEVETA yoyang'anira maphunziro a ntchito zamanja. Komabe ndani wa ife anafunsapo pulambala chiphaso? Mpope ukaphulika Loweruka madzulo, timayitana amene mnzathu watilozera, wobwera panjinga ndi sipanala, ndipo timakambirana za mtengo basi. Eni mapuloti ena awonjezera tinyumba ta lendi kuseri popanda pulani, n'kulumikiza zimbudzi zonse ku thanki lomwe linakumbidwira banja limodzi.

Nayo mipope ya mumsewu, imene si ya mwini nyumba, yakalamba. Mu July 2017 anthu a ku Area 18, dera lomwe lili ndi suweji, anatsegula mipope yawo n'kupeza madzi onunkha: zoipa zochokera m'paipi yosweka ya suweji zinalowa m'paipi ya madzi akumwa. Ena anali atamwa kale, ndipo nkhaniyo inakathera kukhoti.