Chitupa chinkatenga bambo yekha: mbiri ya maulendo a kunja ku Namitete ndi Nsaru

Anzanga a kunyanja, ife timaganiza kuti nkhani ya ku Joni ndi yathu yokha, ya anyamata a ku Mangochi ndi ku Nkhata Bay. Ayi ndithu. Kumtunda, ku Namitete, Nsaru, Kabudula, Mpingu mpaka Nambuma, kumene kulibe bwato ngakhale limodzi, nakonso kunachoka amuna ambiri. Ndalemba mbiri yawo chifukwa masiku ano pali ma ejenti amene akulonjeza viza ya banja lonse, bambo, mayi ndi ana. Musanagulitse injini kapena chilimira, werengani mpaka kumapeto.

Chinayambitsa maulendo ndi msonkho. Atsamunda ataika msonkho wa nyumba m'zaka za m'ma 1890, munthu anayenera kupeza ndalama, pamene kumudzi kunalibe. Mu 1903 kampani yolemba anthu a m'migodi ya golide, WNLA, imene tonse timaitcha Wenela, inayamba kulemba anthu ku Nyasaland. Ambiri anafa ndi chibayo, mpaka mu 1913 South Africa inaletsa kulemba anthu ochokera maiko otentha ngati kuno. Koma anthu sanasiye. Ankapita pa selefu, wapansi, opanda pepala lililonse.

Ku Lilongwe zinthu zinali zosiyanako chifukwa cha fodya. M'zaka za m'ma 1920 azungu awiri, Barron ndi Wallace, anafalitsa ulimi wa fodya wa chikopa kuchokera ku Mbabzi, ndipo mu 1926 boma linakhazikitsa Native Tobacco Board. Mlimi wa ku Nsaru ankatha kukhoma msonkho ali pakhomo. Koma mitengo itagwa m'zaka za m'ma 1930, nawonso anamanga katundu, ena kudzera msewu wa Namitete wopita ku Fort Manning (Mchinji) ndi Fort Jameson (Chipata). Mu 1935 komiti ya Lacey inapeza kuti amuna pafupifupi 120,000 a ku Nyasaland anali kunja.

Apa mpamene mapepala anayamba kulimba. Mu 1936 maboma a Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia anasainirana pangano ku Salisbury, Halale wa lero. Wopita ankatenga chitupa, gawo la malipiro ake linkasungidwa kuti adzalandirire kumudzi, ndipo ankayenera kubwerako pakatha zaka ziwiri. Wenela nayo inabwereranso. Iyi inali njira yovomerezeka, koma inali ya mwamuna yekha. Ku mgodi ankagona mu komponi ya amuna okhaokha. Mkazi ankatsala kwawo, monga mwa chikamwini cha Achewa, kulima yekha ndi kudikira kalata. Amene sanabwerere ndi aja timawatcha matchona.

Amene anapita ndi mabanja ndi omwe analowera ku mafamu a ku Rhodesia. Anabereka ana konko, anamanga midzi, Gule Wamkulu ankavinidwa ngati ku Kabudula. Koma mapepala a anawo sanalongosoke. Mu 2001 Zimbabwe itasintha lamulo la unzika, ambiri obadwira komweko anauzidwa kuti ndi alendo, pamene ku Malawi sanapondeko. Zinadzakonzedwa ndi malamulo atsopano a dzikolo mu 2013.

Pofika 1973 Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya South Africa. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, ku Botswana, ndi kupha Amalawi 74 amene ankabwerera kwawo. Kamuzu Banda, yemwe naye ali mnyamata anayenda wapansi mpaka ku Rhodesia kenako ku Joni, anaimitsa kulemba anthu. Ambiri obwerako anakathera m'maesiteti a fodya. Mu 1977 khomo linatsegukanso pang'ono, dzina litasintha kukhala TEBA, Theba wathu uja. Mu 1988 linatsekeratu chifukwa cha mkangano woyeza magazi a HIV, ndipo anthu pafupifupi 13,000 anabwezedwa.

Ngakhale zinali choncho, pepala lija linali ndi phindu. Makampani a golide anavomera mu 2018 kupereka 5 biliyoni randi kwa odwala chifuwa cha fumbi la m'migodi ndi TB, kudzera ku Tshiamiso Trust. Wokhala ndi nambala ya Theba ali ndi poyambira, iye kapena ana ake. Wa selefu amene ankagwira ntchito ndi dzina lobwereka, umboni aupeza kuti?

Tsopano tibwere lero, muone ngati zasintha.

Ku South Africa pasipoti ya Malawi imakulowetsa popanda viza kwa masiku 30, koma ngati mlendo, osati wantchito. Ukapitirira masikuwo amakuletsa kulowanso kwa chaka chimodzi, ndipo ukapyola ndi masiku oposa 30 chiletso ndi zaka zisanu. Ukagwidwa, ulendo wa ku Lindela. Njira zoona ndi general work visa, imene imafuna kuti bwana wapezeka kale, critical skills visa ya maluso amene akusowa kumeneko, ndi study visa ya sukulu. Zonsezi umafunsira uli kuno, kudzera ku ofesi ya kazembe wawo ku Lilongwe. Yemwe wapata viza ya ntchito angathe kufunsira mkazi kapena mwamuna wake ndi ana, koma aliyense ndi viza yake, ndipo ya woperekeza siilola kugwira ntchito.

Ku UK, kuyambira March 2024 osamalira okalamba anasiya kuloledwa kutenga mabanja, ndipo mu July 2025 anatsekeratu kulemba antchito oterewa kuchokera kunja. Ophunzira ambiri nawonso sakutenga banja kuyambira January 2024, kupatula a PhD, a maphunziro a kafukufuku ndi olipiriridwa ndi boma. Njira imodzi yotsala ndi Skilled Worker visa, ya ntchito zapamwamba, yofuna kampani yovomerezeka ndi boma lawo. Ku America, mu August 2025 anaika chikole cha madola 5,000 mpaka 15,000 kwa Amalawi ofuna viza yongocheza. Achinyamata 221 amene anapita kukalima ku Israel mu November 2023 anapita okha, ngati a Wenela. Azimayi amene ma ejenti anawatumiza ku Oman anakalandidwa mapasipoti, ndipo ena anapulumuka chifukwa cha gulu la pa WhatsApp limene anayambitsa mayi Pililani Mombe Nyoni.

Ndiye mukuona, zaka zoposa 120 zadutsa koma maiko olemera akufunabe manja a munthu, osati khomo lake lonse. Makomo a banja alipo, koma ndi opapatiza, ndipo amadzera pa luso, pa sukulu kapena pa wachibale wapafupi amene mapepala ake ndi olongosoka.

Ngati maganizo oterewa muli nawo, yambani ndi zimene zili m'manja mwanu. Pasipoti ya aliyense kapangitseni nokha ku Immigration, osadzera kwa dobadoba. Ana akhale ndi satifiketi ya kubadwa ya ku NRB. Ukwati wa kwa ankhoswe ndi wovomerezeka kuno, koma akazembe amafuna satifiketi, ndiye kalembetseni. Onjezani kalata ya kupolisi ndi mapepala a sukulu kapena a TEVETA.

Ejenti akabwera, mufunseni mafunso atatu: vizayo dzina lake ndi chiyani, ili ndi maina a ndani, nanga bwana amene akundilemba ndani? Mayankhowo mukawatsimikize nokha ku ofesi ya kazembe. Akayamba kuti "osadanda, zikakonzedwa konko", bwezani ndalama m'thumba. Safunsa anadya phula.

Tumizirani abale anu, a kunyanja ndi a kumtunda omwe.