Khansa ya M'matumbo Yoyenda M'magazi: Zimene Banja Lililonse Liyenera Kudziwa

M'midzi ndi m'mipingo yathu timamva za mabanja amene ataya abale angapo ndi matenda ofanana. Gogo anamwalira atadandaula m'mimba kwa nthawi yaitali, patapita zaka malume nawonso chimodzimodzi, tsopano ndi mdzukulu amene akuona magazi m'chimbudzi. Zikatere anthu sachedwa kulozana zala ndi kutchula ufiti. Komatu kawirikawiri gwero lake ndi khansa ya m'matumbo aakulu, imene m'mabanja ena imatsata mtundu. Nkhani yabwino ndi yakuti khansa imeneyi ili m'gulu la zija zimene zingathe kupewedwa ngati munthu apimidwa msanga.

Kodi imayamba bwanji?

Thumbo lalikulu ndilo gawo lomaliza la njira ya chakudya, ndipo limathera kotulukira chimbudzi. M'kati mwake nthawi zina mumamera timinofu tating'ono ngati njerewere, timene madokotala amatitcha polyp. Tambiri sitivuta, koma tina timasanduka khansa pang'onopang'ono, nthawi zambiri pa zaka khumi kapena kuposerapo. Kaminofu kotere kakapezeka ndi kuchotsedwa, khansa imakhala yapewedwa isanayambe.

Pa dziko lonse, khansa imeneyi ndi yachitatu pa kuchuluka kwa oidwala, ndiponso yachiwiri pa kupha anthu. M'chaka cha 2022 anthu pafupifupi 1.9 miliyoni anapezeka nayo, ndipo oposa 900,000 anamwalira. Ambiri mwa odwalawa sanaitengere kwa makolo: inadza chifukwa cha ukalamba, kadyedwe ndi kakhalidwe. Koma pa odwala 100 alionse, pafupifupi asanu amakhala kuti anabadwa ndi chilema chodziwika cha m'majini.

Majini ndi chibadwa

Majini amene tikunena pano si mizimu ayi. Ndi timalangizo tosaoneka ndi maso tokhala m'maselo a thupi, timene mwana amalandira theka kwa bambo, theka kwa mayi. Amene anayamba kufotokoza malamulo a katengeredwe kameneka ndi wansembe wa chipani cha Augustino Woyera, Gregor Mendel, amene ankayesa nsawawa m'munda wa nyumba ya amonke ku Brno, nasindikiza zimene anapeza mu 1866.

Pa mitundu iwiri ya matenda imene tifotokoze m'munsimu, kholo limodzi likakhala ndi jini yolakwika, mwana aliyense, wamwamuna kapena wamkazi, angathe kuitengera kapena kusaitengera, monga momwe ndalama yoponyedwa m'mwamba imagwera mbali iyi kapena iyo. Tikumbukire mfundo iyi makamaka ife amene timawerenga mtundu kuchikazi kokha: matendawa amadzera kuchimuna ndi kuchikazi komwe. Mbiri ya azakhali ndi yofunika ngati ya amalume.

Matenda a Lynch

Uwu ndiwo mtundu wofala kwambiri, ndipo umayambitsa pafupifupi zitatu mwa khansa 100 zilizonse za m'matumbo aakulu. Mbiri yake inayamba mu 1895 ku University of Michigan ku America, pamene mayi wina wosoka zovala anauza Dr. Aldred Warthin kuti akudziwa kuti adzafa ndi khansa monga abale ake ambiri. Zinachitikadi, ndipo Warthin analemba za banjalo mu 1913. Mu 1966 Dr. Henry Lynch anafotokoza za mabanja ena awiri otere, napitiriza ntchitoyi kwa zaka zambiri ku Creighton University mumzinda wa Omaha. Majini oyamba oyambitsa vutoli anapezeka mu 1993 ndi 1994.

Majini amenewa, otchedwa MLH1, MSH2, MSH6 ndi PMS2, ntchito yake ndi kukonza zolakwika zimene zimachitika maselo akamagawikana. Akalephera, zolakwikazo zimaunjikana, ndipo kaminofu kangathe kusanduka khansa pa zaka zochepa chabe. Nchifukwa chake odwala ambiri amapezeka asanakwanitse zaka 50. Kwa amayi, matenda a Lynch amabweretsanso khansa ya m'kati mwa chiberekero, imene ndi yosiyana ndi ija ya khomo la chiberekero yodza ndi kachirombo ka HPV. Ena amadwala khansa ya chifu kapena ya njira ya mkodzo.

Vutoli si la azungu okha. Ku Northern Cape, m'dziko la South Africa, kuli mabanja akuluakulu amene ali ndi chilema chimodzi cha jini ya MLH1, ndipo madokotala a University of Cape Town ndi chipatala cha Groote Schuur akhala akupita kumeneko ndi zipangizo zawo kukawaunika m'matumbo.

Matenda a FAP

Mtundu wachiwiri ndi wosowa, koma ndi woopsa koposa. Umadza ndi chilema cha jini ya APC, imene inapezeka mu 1991. Timinofu timayamba kumera mwana akamasinkhuka, ndipo timafika mazana kapena zikwi. Popanda chithandizo, pafupifupi aliyense wa FAP amadwala khansa, ambiri akamafika zaka 40. Chipatala cha St Mark's ku London chinayamba kusunga kaundula wa mabanja otere mu 1924, ndipo njira yotsata abale mmodzimmodzi inapulumutsa ambiri. Ana a m'mabanja amenewa amayamba kuunikidwa ali ndi zaka 10 mpaka 12, ndipo nthawi ikakwana madokotala amachotsa thumbo lalikulu khansa isanayambe.

Banja lathu lili pa chiopsezo kodi?

Madokotala amagwiritsa ntchito lamulo losavuta kukumbukira la 3, 2, 1: abale atatu odwala khansa ya m'matumbo kapena ya m'kati mwa chiberekero, mmodzi wa iwo ali kholo, mwana kapena m'bale wa bere limodzi wa awiri enawo, matendawo aoneke m'mibadwo iwiri yotsatizana, ndipo mmodzi apezeke nawo asanafike zaka 50. Banja lotere liyenera kukaonana ndi dokotala ngakhale onse akupeza bwino.

Ngakhale lamuloli lisakwanire, munthu amene kholo lake, m'bale wake kapena mwana wake anadwala khansa ya m'matumbo ali pa chiopsezo chowirikiza pafupifupi kawiri poyerekeza ndi anthu ena.

Kupimidwa

Njira zazikulu zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kupima chimbudzi pofuna magazi obisika. Yachiwiri ndi colonoscopy: dokotala amalowetsa kapaipi kofewa kokhala ndi kamera kudzera kotulukira chimbudzi, naona thumbo lonse, ndipo akapeza kaminofu amakachotsa nthawi yomweyo. Dzulo lake munthu amamwa mankhwala otsuka m'mimba, ndipo pomuunika amampatsa mankhwala ochepetsa ululu.

Kwa anthu opanda mbiri ya matendawa pamtundu, ku America anatsitsa msinkhu woyambira kupimidwa kuchoka pa zaka 50 kufika pa 45 mu 2021. Amene ali ndi m'bale wapafupi wodwala amalangizidwa kuyamba pa zaka 40, kapena zaka khumi asanafike msinkhu umene m'baleyo anapezekera ndi matenda: ngati mayi anapezeka nawo ali ndi zaka 45, ana ayambe pa 35. A matenda a Lynch, makamaka a majini a MLH1 ndi MSH2, amayamba pakati pa zaka 20 ndi 25, nabwereza chaka chilichonse kapena pa zaka ziwiri zilizonse. Kafukufuku wa ku Finland wofalitsidwa mu 2000 anaonetsa kuti kuunikidwa kawirikawiri kunachepetsa khansa ndi imfa m'mabanja otere ndi kuposa theka.

Kuno kwathu colonoscopy imachitikira m'zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo njira yake ndi kuyambira pa chipatala chapafupi kuti atitumize ndi kalata. Tikapita, tinene mbiri ya banja momveka: anadwala ndani, matenda anji, ali ndi zaka zingati.

Zizindikiro zosayenera kuzinyalanyaza

Magazi m'chimbudzi, kutsekula kapena kudzimbidwa kosatha kwa masabata angapo, kupweteka m'mimba, kuonda popanda chifukwa ndi kuchepa magazi. Zizindikiro izi zimafanana ndi za kamwazi, likodzo kapena mudzi, nchifukwa chake ambiri amataya miyezi akumwa mankhwala osayenera. Zikapanda kutha titalandira chithandizo, tibwererenso kuchipatala, ngakhale tili achinyamata. Khansa yopezeka isanafalikire imachizika mwa anthu pafupifupi asanu ndi anayi pa khumi alionse.

Zimene tingachite pakhomo

Majini sitingawasinthe, koma zina zili m'manja mwathu. Fodya, mowa ndi kunenepa kwambiri zimawonjezera chiopsezo. Mu 2015 nthambi yofufuza za khansa ya bungwe la World Health Organization inaika nyama zokonzedwa kufakitale, monga soseji ndi polony, m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa ya m'matumbo. Zakudya za gaga ndi ulusi wambiri zimateteza: nsima ya mgaiwa, nyemba, nandolo, ndiwo zamasamba ndi zipatso. Kugwira ntchito ya manja ndi kuyenda pansi kumathandizanso. Kafukufuku wotsogoleredwa ndi Professor John Burn wa ku Newcastle University anapeza kuti aspirin amachepetsa khansa mwa a matenda a Lynch, koma mankhwalawa angayambitse kukha magazi m'chifu, choncho asamwedwe tsiku ndi tsiku popanda uphungu wa dokotala.

Chotsala ndi kuthetsa manyazi. Matenda a kumalo obisika sitikonda kuwatchula, ndipo pamaliro timangoti malemu anadwala m'mimba. Komabe dzina la matenda limene dokotala anatchula ndi chuma cha banja, pakuti lingapulumutse ana ndi adzukulu. Akatekisiti ndi onse amene mumayendera odwala m'miphakati, limbikitsani mabanja kufunsa dzina limeneli, kulilemba, ndi kuuza abale a mbali zonse ziwiri. Wobadwa ndi jini yolakwika sanalakwe kanthu, ndipo sanalodzedwe ndi munthu. Chimene akusowa ndi kupimidwa pa nthawi yake.