Rauta ndi swichi

Rauta ndi swichi ndi zipangizo ziwiri zomwe zimayendetsa uthenga pa netiweki ya makompyuta. Swichi imalumikiza zipangizo zomwe zili pamalo amodzi, monga makompyuta a m'chipinda chimodzi cha pasukulu. Rauta imalumikiza netiweki imodzi ndi inzake, ndipo ndi yomwe imasankha njira yoti uthenga udutse kuti ukafike kutali. Mayina onsewa anachokera ku mawu a Chingerezi akuti router ndi switch. Swichi ya pa netiweki ndi yosiyana ndi swichi yoyatsira magetsi, zangofanana dzina.

Ku Malawi anthu ambiri akamati rauta amatanthauza kabokosi ka Wi-Fi komwe amaikamo SIM khadi ya TNM kapena Airtel. Dzinali silolakwika, koma limabisa zambiri, chifukwa m'kabokosi kameneka mumakhala zipangizo zingapo pamodzi: modemu yolankhulana ndi nsanja ya kampani ya mafoni, rauta yeniyeniyo, kachipangizo koulutsa Wi-Fi kotchedwa access point, komanso swichi yaing'ono ngati kabokosiko kali ndi mabowo angapo olowetsamo nthambo kumbuyo. M'mabanki, m'masukulu aukachenjede ndi m'makampani a intaneti, chilichonse mwa izi chimakhala pachokha.

Mapaketi ndi makeyala

Uthenga suyenda wathunthu pa netiweki. Chithunzi, kalata kapena mawu zimaduladulidwa m'tizigawo totchedwa mapaketi, ndipo paketi iliyonse imalembedwa komwe yachokera ndi komwe ikupita. Pa Ethernet, yomwe ndi njira yofala yolumikizira makompyuta ndi nthambo, paketi imodzi nthawi zambiri sipitirira mabaiti 1,500. Choncho chithunzi chimodzi cha pa foni chimatha kukhala mapaketi mazanamazana, omwe amakalumikizidwanso akafika.

Makeyala alipo amitundu iwiri, ndipo kusiyana kwa swichi ndi rauta kwagona pamenepa. Keyala ya MAC imaikidwa pa chipangizo ku fakitale. Ili ndi mabiti 48 ndipo imalembedwa ndi manambala ndi zilembo 12. Imagwira ntchito mkati mwa netiweki imodzi yokha. Keyala ya IP ndiyo imasonyeza netiweki yomwe chipangizo chili, ndipo imasintha munthu akachoka pa Wi-Fi ya kuntchito n'kulowa ya kunyumba. Ya MAC ili ngati dzina la munthu lomwe limadziwika pamudzi, pomwe ya IP ili ngati keyala ya positi yomwe imathandiza kalata yochokera kunja kupeza boma ndi mudziwo.

Mtundu wakale wa IP, wotchedwa IPv4, uli ndi mabiti 32, zomwe zimapereka makeyala pafupifupi 4.3 biliyoni. Makeyalawa anachepa, ndipo nkhokwe yaikulu ya dziko lonse inatha mu February 2011. Mtundu watsopano wa IPv6 uli ndi mabiti 128. Mu Africa makeyala a IP amagawidwa ndi bungwe la AFRINIC lomwe lili ku Mauritius.

Swichi

Swichi ili ndi mabowo otchedwa mapoti, kawirikawiri 8, 24 kapena 48. Ikangoyatsidwa sidziwa kuti kompyuta iti ili pa poti iti. Imaphunzira poyang'ana keyala ya MAC ya chipangizo chilichonse chomwe chatumiza uthenga, n'kuilemba m'kaundula wake. Uthenga ukabwera wopita ku keyala yomwe ili kale m'kaundulamo, swichi imautulutsira pa poti imodzi yokhayo. Ikakhala keyala yachilendo, imautumiza kumapoti ena onse mpaka mwini wake atayankha.

Swichi isanafale kunali chipangizo chotchedwa hub, chomwe chinkangobwereza uthenga uliwonse kumapoti onse. Makompyuta awiri akalankhula nthawi imodzi uthenga unkagundana, ndipo netiweki inkachedwa kwambiri makompyuta akachuluka. Masiku ano hub sapezekapezeka, ngakhale ogulitsa ena amatchulabe swichi yaing'ono ndi dzinali.

Maswichi akuluakulu amatha kugawa netiweki imodzi m'magulu otchedwa VLAN, kotero kuti makompyuta a ophunzira saona a ku ofesi ya zachuma ngakhale onse alumikizidwa pa swichi imodzi. Vuto lodziwika bwino la maswichi ndi lozungulira: munthu akalumikiza maswichi awiri ndi nthambo ziwiri mosaganizira, uthenga umangozungulira osaima mpaka netiweki yonse itatsamwa. Radia Perlman, katswiri wa ku America, anapanga njira yothetsera vutoli m'chaka cha 1985. Imatchedwa Spanning Tree Protocol, ndipo imatseka nthambo yowonjezerayo n'kuisunga kuti idzagwire ntchito inayo ikadzaduka.

Rauta

Kompyuta ikaona kuti keyala ya IP yomwe ikufuna siili pa netiweki yake, imapereka paketiyo kwa rauta yapafupi. Rauta imeneyi imatchedwa default gateway, kutanthauza chipata chotulukira. M'nyumba zambiri keyala yake imakhala yonga 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1. Makeyala oyamba ndi 192.168 ndi a mkati mokha ndipo sayenda pa intaneti. Rauta imawasintha kuti zipangizo zonse za m'nyumba zituluke ndi keyala imodzi, ntchito yomwe imatchedwa NAT. Imagawanso makeyala kwa foni iliyonse yomwe yangolowa pa Wi-Fi kudzera mu DHCP.

Rauta iliyonse imasunga mndandanda wa njira, wotchedwa routing table. Sidziwa ulendo wonse wa paketi. Imangodziwa rauta yotsatira yoyenera kuipatsira, ndipo kudumpha kumodzi kotereku kumatchedwa hop. Kuti paketi yosochera isamangoyendayenda mpaka kalekale, imanyamula nambala yotchedwa TTL, yomwe nthawi zambiri imayambira pa 64 kapena 128. Rauta iliyonse imachotsapo 1, ndipo ikafika pa 0 paketiyo imatayidwa. Pulogalamu ya traceroute imagwiritsa ntchito nambala imeneyi poonetsa marauta onse omwe uthenga wadutsamo.

Pa netiweki yaing'ono munthu akhoza kulemba njirazi pamanja. Pa yaikulu marauta amauzana okha. Mkati mwa kampani imodzi amagwiritsa ntchito ndondomeko monga OSPF, pomwe pakati pa makampani osiyana amagwiritsa ntchito BGP, yomwe inayamba m'chaka cha 1989. Kampani iliyonse ya intaneti imakhala ndi nambala yakeyake yotchedwa AS, ndipo kudzera mu BGP imalengeza kwa anzake makeyala omwe ingathe kuwafikira. BGP siyeza mtunda wa pamapu. Imatsata mapangano a malonda ndi chiwerengero cha makampani omwe uthenga udutsemo, n'chifukwa chake njira yomwe rauta yasankha nthawi zina imakhala yozungulira kwambiri.

Makolo a marauta anali makina otchedwa IMP omwe anayamba kugwira ntchito pa ARPANET ku America m'chaka cha 1969. Kampani ya Cisco, yomwe inatchuka ndi marauta, inakhazikitsidwa mu 1984 ndi Leonard Bosack ndi Sandy Lerner a ku yunivesite ya Stanford. Makampani ena opanga zipangizozi ndi Huawei, Juniper, MikroTik ndi TP-Link.

Njira zotulukira m'Malawi

Dziko la Malawi lilibe gombe la nyanja yamchere, pomwe nthambo zikuluzikulu za intaneti zimadutsa pansi pa nyanja zoterozo. SEACOM, yomwe inayamba kugwira ntchito mu 2009, ndi EASSy ya mu 2010 zimatulukira kumtunda m'malo monga Dar es Salaam ndi Maputo. Kuti uthenga wochokera ku Malawi ukazifike umayenera kudutsa m'dziko la eni, ndipo imodzi mwa njira zake ndi ya kumpoto, yolowera ku Tanzania pa Songwe m'boma la Karonga. Zina zimadzera ku Zambia ndi ku Mozambique.

Mwachitsanzo, wophunzira wa ku Mwenilondo m'boma lomweli akatsegula tsamba lomwe seva yake ili ku London, paketi imachoka pa foni kupita pa nsanja, kenako kumarauta akuluakulu a kampani yake ya mafoni. Marauta amenewo ndi omwe amasankha chipata chotulukira m'dziko. Ngakhale Songwe ali pafupi ndi Mwenilondo, paketiyo ikhoza kuyamba yatsikira kumwera, n'kutulukira ku Mozambique kapena ku Zambia, malingana ndi mapangano a kampaniyo.

Kale uthenga wochokera kwa kasitomala wa kampani imodzi ya m'Malawi kupita kwa wa kampani ina ya m'Malawi momwemo unkatha kukazungulira kunja kwa dziko, zomwe zinkadya nthawi ndi ndalama. Mu December 2008 bungwe la makampani a intaneti la MISPA linatsegula Malawi Internet Exchange ku College of Medicine mumzinda wa Blantyre. Pamtima pa malo oterewa pamakhala swichi. Kampani iliyonse imalumikizapo rauta yake, ndipo marautawo amapatsana njira kudzera mu BGP, kotero kuti uthenga wa m'dziko umathera m'dziko momwemo.

Kudziwa ntchito ya chipangizo chilichonse kumathandiza kupeza pomwe pavuta intaneti ikathima. Foni ikhoza kuonetsa kuti Wi-Fi ili yodzaza koma masamba osatseguka, chifukwa chizindikirocho chimangonena za mtunda wa pakati pa foni ndi kabokosi. Pa 12 May 2024 nthambo za EASSy ndi SEACOM zinaduka m'nyanja, ndipo intaneti inavuta ku Malawi, Tanzania, Mozambique ndi maiko ena a m'chigawochi pomwe marauta ankakankhira uthenga wonse m'njira zochepa zomwe zinatsala. Pa 4 October 2021 panalibe nthambo yomwe inaduka. Kusintha kolakwika pa marauta a Facebook kunachititsa kuti njira zake zichoke mu BGP, ndipo Facebook, WhatsApp ndi Instagram zinasowa padziko lonse kwa maola pafupifupi 6.